Kuloza mphuno kumwamba si kukwera: mmene kompyuta imakwezera ndege

Tiyerekeze kuti kandege kopanda woyendetsa, kamene ambiri timangoti drone, kakuuluka mamita 100 pamwamba pa Kamuzu Barrage pano pa Liwonde. Ndi kamapiko ngati ndege wamba, osati kaja kojambula zithunzi pa ukwati. Inuyo mwapatsidwa ntchito yolemba malangizo oti kompyuta yake itsatire kuti kakwere kufika mamita 400. Mungalembe chiyani? Funsoli likafunsidwa m'kalasi ya Fomu 3, yankho silichedwa: "Aphunzitsi, ingokauzani kaloze mphuno kumwamba basi." Likumveka lanzeru, koma langizo limeneli lagwetsa ndege zambiri, za m'masewera a pakompyuta ngakhalenso zenizeni.

Nkhaniyi si yakutali ndi ife ayi. Mu 2016 boma la Malawi ndi UNICEF anayesa kunyamula magazi a makanda okayezetsa HIV pa drone ku Lilongwe. Mu June 2017 anatsegula ku Kasungu dera lapadera loyeserako ma drone othandiza anthu, lotambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege lakumeneko. Mu January 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, mothandizana ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America, ndipo achinyamata amaphunzirako kupanga ndi kuulutsa tindege timeneti. Makampani ngati Swoop Aero ndi Wingcopter anyamulapo mankhwala kupita ku zipatala zovuta kufikako pagalimoto. Ngakhale kuno kwathu, cha m'ma 2016 ndi 2017, ma drone ankauluka usiku pamwamba pa Liwonde National Park kusaka anthu opha nyama mozembera. Kandege kakauluka makilomita makumimakumi kutali ndi amene anakaulutsa, palibe munthu amene akukaona ndi maso. Kompyuta ndiyo imaganiza zokwera kapena kutsika. Ikalakwitsa pa phiri, bokosi la katemera kapena magazi amene mayi wina akudikira kuchipatala zimathera m'tchire.

Ndiye asanaulutse kandege kenikeni, akatswiri amayamba akaulutsa kaye m'kompyuta.

Ndege ya manambala okhaokha

Pulogalamu yoyesezera kuuluka, imene pa Chingerezi amati flight simulator, kwenikweni ndi masamu a Newton obwerezedwa mofulumira kwambiri. Kompyuta imadziwa kulemera kwa ndege, kukula kwa mapiko, liwiro lake ndi mmene yapendekera. Imawerengera ma force anayi: kulemera kokokera pansi, lift yochokera ku mapiko yonyamulira mmwamba, thrust ya injini yokankhira kutsogolo, ndi drag, kukana kwa mpweya kobwezera mmbuyo. Ikawaphatikiza imagwiritsa ntchito F = ma kupeza acceleration, kenako liwiro latsopano, kenako malo atsopano. Imachita zimenezi kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo zimene mumaona pa sikirini ndi chithunzi chabe cha manambalawo.

Ndiyambe ndapepesa pa mawu. Chichewa chathu chili ndi liwu limodzi, "mphamvu", pa zinthu zitatu zimene fizikisi imazisiyanitsa kwambiri: force, energy ndi power. Ndikati ndizitchule zonse mphamvu tisokonezana pasanathe ndime ziwiri, choncho ndizisiya mmene zilili m'buku lanu la MSCE. Force timayeza mu ma newton, energy mu ma joule, power mu ma watt. Nkhani ya kukwera yagona pa ziwiri zomalizazo.

Mu simulator mumatha kukhala ndege zimene palibe munthu akuziyendetsa. Wokonza ulendo amangoika timadontho pa mapu, totchedwa ma waypoint, n'kulemba kuti pa dontho ili ndege ikhale pa mamita akuti, pa liwiro lakuti. Amene anasewerapo masewera a ndege amadziwa zoseketsa zimene zimachitika. Ndege ina imakwera chiriri ngati roketi chifukwa opanga masewerawo anaipatsa masamu osavuta amene salabadira fizikisi yonse. Ina imadzutsa mphuno, liwiro n'kutha, n'kugwa ngati thumba la chimanga. Ina imauluka mowerama ndi kudzuka, kuwerama ndi kudzuka, mpaka kukaomba phiri. Pa masewera timaseka n'kuyambiranso. Koma mapulogalamu oyendetsa ma drone enieni, monga ArduPilot ndi PX4, nawonso amayesedwa chimodzimodzi: pulogalamu yeniyeni ija imalumikizidwa ku ndege ya manambala, ndipo siidziwa n'komwe kuti sikuuluka zoona.

Tiwerengere limodzi

Tengani cholembera. Manambalawa ndi achitsanzo, ndawasankha kuti masamu akhale ophweka, koma sali kutali ndi a kandege kakang'ono kamapiko. Kandege kathu kakulemera makilogalamu 5, kakuthamanga mamita 20 pa sekondi, ndipo g titenge 10.

Energy ya liwiro, kinetic energy ija, ndi ½mv², ndiye kuti ½ × 5 × 20 × 20, zomwe ndi ma joule 1,000. Kukwera mamita 300 kukufuna mgh, ndiye 5 × 10 × 300, ma joule 15,000. Mwaonatu? Energy yonse imene kandege kali nayo mu liwiro lake ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 15 a imene ikufunika.

Tsopano tiyese langizo lija loti kangoloza mphuno kumwamba, injini osaikhudza. Kandege kakweradi, koma kakulipira ndi liwiro. Tinene kuti mapiko ake amaleka kukanyamula liwiro likatsika kufika mamita 14 pa sekondi. Pa liwiro limenelo kinetic energy ndi ma joule 490. Kawononga ma joule 510, ndipo 510 kugawa ndi mg, amene ndi ma newton 50, kukupereka mamita 10 ndi pang'ono. Basi. Timafuna mamita 300, tapeza 10, ndipo kandege katsala pang'ono kugwa.

Aliyense amene anakwerapo kabaza akuzidziwa kale zimenezi. Wakabaza akaona chitunda amathamangiratu, ndipo liwiro lija limamukweza mamita angapo osapalasa. Koma pa chitunda chachitali ngati cha pamsewu wopita ku Zomba mukamayandikira Machinga boma, kuthamangiratu sikuthandiza kanthu. Chimene chimamufikitsa pamwamba ndi miyendo, ndipo si power yonse ya miyendo, koma yotsala atachotsapo imene ikufunika kuti njinga ingoyenda pamalo athyathyathya. N'chimodzimodzi ndege. Tinene kuti mota ndi pulopela ya kandege kathu zikatsegulidwa mpaka pomaliza zimapereka ma watt 200, ndipo kuuluka mosakwera mosatsika kumadya ma watt 100 polimbana ndi drag. Zotsala ndi ma watt 100. Gawani ndi ma newton 50: kandege kangakwere mamita 2 pa sekondi iliyonse osataya liwiro. Osaposera apo, ngakhale mutalemba malangizo aukali bwanji. Mamita 300 atenga masekondi 150, ndipo pa nthawiyo kadzakhala katayenda makilomita 3.

Nanga liwiro likatsika kwambiri chimachitika n'chiyani? Phiko limapanga lift pokankhira mpweya pansi. Liwiro likachepa, phiko liyenera kupendekera mmwamba kwambiri kuti lift ifanane ndi kulemera kwa ndege. Koma pali malire. Mpweya ukamalimenya phiko mopendeka kupitirira madigiri 15 kapena chapompo, umaleka kutsata msana wa phikolo, umasanduka chipwirikiti ngati madzi a Shire kumunsi kwa zitseko za barrage, lift n'kuchepa mwadzidzidzi. Oyendetsa ndege amati stall. Choopsa n'chakuti ndege ikayamba kugwa, thupi la munthu limamuuza kuti adzutse mphuno kwambiri, pamene mankhwala ake ndi kuiweramitsa kuti liwiro libwerere. Pa 1 June 2009, ndege ya Air France 447, Airbus A330 yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris, inakumana ndi zimenezi pamwamba pa nyanja ya Atlantic. Timachubu toyezera liwiro tinatsekeka ndi madzi oundana, kompyuta inabweza ntchito yoyendetsa kwa anthu, mmodzi wa oyendetsa anadzutsa mphuno, ndegeyo inakwera mamita pafupifupi 900 ikutaya liwiro, kenako inagwa kwa mphindi zitatu ndi theka mphuno ikadali yolozera mmwamba. Anthu onse 228 anafa. Injini zake zinkagwira ntchito mpaka pomaliza.

Antchito awiri osalankhulana

Njira yoyamba imene munthu angaganize pokonza kompyuta yoyendetsa ndege ndi kugawa ntchito pawiri. Kumchira kwa ndege kuli kachitseko kotchedwa elevator, kamene kamadzutsa kapena kuweramitsa mphuno. Ndiye mumalemba lamulo loyamba: ndege ikakhala pansi pa pamene ikuyenera kukhala, elevator idzutse mphuno, ndipo kusiyana kukakhala kwakukulu idzutsenso kwambiri. Lamulo lachiwiri: liwiro likachepa, injini iponde moto.

Pa kusintha kwakung'ono, mamita 5 kapena 10, njirayi imayenda bwinobwino. Koma ipatseni kusiyana kwa mamita 300 muone. Lamulo loyamba likuona kusiyana kwakukulu, likudzutsa mphuno mwamphamvu. Liwiro likugwa. Lamulo lachiwiri likuponda moto mpaka pomaliza, koma ma watt aja ndi 200 basi. Lamulo loyamba silikudziwa kuti mnzake wafika pamapeto, likungokokabe. Mapeto ake ndi stall.

Ngakhale stall isachitike, pali vuto lina. Ndege mwachibadwa imakonda kusinthanitsa liwiro ndi kutalika mobwerezabwereza, ngati mwana pa katungwe: ikakwera imachedwa, ikachedwa imawerama, ikawerama imathamanga, ikathamanga imakweranso. Katswiri wa ku England, Frederick Lanchester, anautcha mchitidwewu phugoid mu 1908. Kwa kandege ka mamita 20 pa sekondi, ulendo umodzi wokwera ndi kutsika umatenga masekondi 9 kapena chapompo. Malamulo awiri aja akamachedwa kuyankha, amatha kumakankha katungweyo pa nthawi yolakwika, n'kumukulitsa m'malo momuziziritsa. Ndege zija zowerama ndi kudzuka m'masewera, gwero lake nthawi zambiri ndi limeneli.

Njira imene ine ndimaikonda, chifukwa ndi fizikisi ya Fomu 3 yeniyeni, inakonzedwa ndi injiniya wa kampani ya Boeing, Anthony Lambregts, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Imatchedwa Total Energy Control System, mwachidule TECS, ndipo lero ili mu ArduPilot ndi PX4. Iye anati tileke kuganiza za liwiro payekha ndi kutalika payekha, tiziganiza za energy. Taganizani za ndalama. Muli ndi ina m'thumba, ina pa foni. Kupita kwa ejenti kukasamutsa ndalama kuchoka pa foni kupita m'thumba sikukulemeretsani. Chimene chimawonjezera chuma chanu ndi ganyu. Mu ndege, matumba awiriwo ndi kinetic energy ndi potential energy, elevator ndi ejenti wosamutsa uja, injini ndiye ganyu, ndipo drag ndi zogula za tsiku ndi tsiku zimene zimadya ndalama mosalekeza.

Ndiye TECS imafunsa mafunso awiri. Kodi energy yonse, matumba onse awiri pamodzi, ikuchepa kapena yachuluka poyerekeza ndi imene ikufunika? Yankho lake limapita ku injini. Nanga yagawidwa bwino pakati pa liwiro ndi kutalika? Yankho lake limapita ku elevator. Kandege kathu kakauzidwa kukwera mamita 300, injini imaponda moto chifukwa energy yonse ikuchepa, ndipo mphuno imadzuka mongokwanira kuti zowonjezerazo zilowe m'thumba la kutalika, thumba la liwiro lisakhudzidwe. Ngati kali mmwamba kwambiri koma kakuchedwa, injini singasinthe n'komwe, elevator imangoweramitsa mphuno pang'ono, kusamutsa. Ndipo liwiro likayandikira la stall, pulogalamuyi imaiwala kaye za kutalika, imaponda moto ndi kuweramitsa mphuno mpaka liwiro libwerere. Kuchedwa kufika pa mamita 400 si ngozi, kugwa ndiye ngozi.

Kompyuta imakhulupirira zimene mwaiuza

Komabe TECS yokha siokwanira. Iyenera kuuzidwa zimene ndege yake ingathe. Mu ArduPilot muli nambala yotchedwa TECS_CLMB_MAX, liwiro lokwerera lalikulu limene kompyuta ingapemphe, ndipo imabwera italembedwa kale kuti mamita 5 pa sekondi. Kandege kathu kamatha 2. Mukasiya 5, kompyuta izipempha zimene mota singapereke. Kayesedwe kake n'kosavuta ndipo mungakachite mu simulator: lamulani ndege ikwere mamita 100, muyang'ane magirafu awiri, la injini ndi la liwiro. Injini ikafika pomaliza liwiro n'kumatsikabe, nambala yanu yakula. Injini ikamakwera mosavutikira, ili pa theka chabe, nambala yachepa ndipo mukutaya nthawi. Yoyenera ndi pamene injini yatsala pang'ono kufika pomaliza koma liwiro lili njii.

Apa ndi pamene Liwonde akulowa m'masamu. Tili m'chigwa, mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere, koma kutentha kwathu mukukudziwa. M'mawa wa mu June kukakhala madigiri 15, mpweya wodzaza cubic metre imodzi umalemera makilogalamu 1.16. Masana a mu October kukafika madigiri 38, umalemera 1.07. Wapepuka ndi 7 pa 100 alionse. Mungathe kutsimikiza nokha ndi lamulo la ma gas lija, chifukwa 288 kugawa ndi 311, madigiri athu mu kelvin, ndi 0.93. Mpweya wopepuka ndiye kuti phiko liyenera kuthamanga kwambiri kuti linyamule katundu yemweyo, ndipo pulopela ikupalasa mpweya wochepa. Onjezanipo batire, limene voteji yake imatsika ulendo ukamapita kumapeto.

Tinene kuti zonsezi zatsitsa ma watt a mota kuchoka pa 200 kufika pa 180, ndipo kuuluka mosakwera kwayamba kudya 104 m'malo mwa 100. Mota yataya gawo limodzi mwa magawo 10 okha, eti? Koma zotsala zokwerera zachoka pa 100 kufika pa 76. Kukwera kwatsika kufika mamita 1.5 pa sekondi, kwachepa ndi pafupifupi kota yathunthu. Chifukwa chake n'chakuti kukwera kumadya zotsala, ndipo pakhomo ndalama ikachepa, zoyamba kutha ndi zotsalazo. Mamita 300 aja tsopano akufuna masekondi 200 ndi makilomita 4. Ngati wokonza ulendo anaika waypoint pamwamba pa phiri la Chinguni kapena mapiri a Chikala powerengera makilomita 3, ulendo umene unayenda bwino m'nyengo yozizira udzathera m'mitengo m'chilimwe. N'chifukwa chake simulator sitiiyesa pa nyengo yabwino yokha. Timaiuza kuti kwatentha, batire latopa, katundu wadzaza, ndipo nambala imene yapulumuka pa tsiku loipalo ndiyo timalemba. Oyendetsa ndege zikuluzikulu pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, limene lili mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja, amachita masamu a mtundu womwewu asananyamuke, ndipo kukatentha kwambiri katundu amene ndege inganyamule amachepa.

Mphepo nayo ili ndi chinyengo chake. Siisintha mamita okwera pa sekondi, koma imasintha mtunda umene mwayenda pansi. Pa tsiku labwino lija, mphepo ya mamita 5 pa sekondi ikamakankha kumbuyo, kandege kakuyenda mamita 25 pa sekondi poyerekeza ndi nthaka, ndiye masekondi 150 ndi mamita 3,750. Ikamawomba kuchokera kutsogolo ndi mamita 2,250 okha. Phiri silisuntha, choncho mphepo yakumbuyo, imene imaoneka ngati yothandiza, ndi imene imakufikitsani pa phiri musanakwere mokwanira. Wokonza ulendo wanzeru amasunthira waypoint kutali, kapena amalamula kandege kazungulire pamalo amodzi kakukwera mpaka kafike pamene pakufunika, kenako kadutse. Nkhwazi ndi miimba zimachitanso chimodzimodzi, kungoti izo zimazungulira mu mpweya wotentha wokwera kuchokera pansi, energy yaulere.

Palinso kusankha liwiro lokwerera. Liwiro limene limakupatsani mamita ambiri pa sekondi si limodzi ndi limene limakupatsani mamita ambiri pa mtunda waufupi. Lachiwirili n'locheperapo, ndipo ndi lofunika pamene kutsogolo kwa bwalo kuli milambe kapena nsanja ya netiweki, koma lili pafupi ndi stall, kotero kamvuluvulu mmodzi angakuvuteni. Mukadutsa chotchingacho ndi bwino kubwerera ku liwiro loyamba lija.

Simulator ili ndi malire ake ndithu. Imadziwa zokhazo zimene munthu anailembera. Mukaiuza kuti kandege kakulemera makilogalamu 5 pamene kakulemera 6, idzakuonetsani ulendo wokongola wabodza. Ndiye akatswiri akaulutsa kandege kenikeni amatenga manambala amene kompyuta yake inasunga, liwiro, kutalika, voteji, n'kuwayerekeza ndi a mu simulator, n'kukonza masamu mpaka ziwirizo zifanane. Kwa amene angapeze kompyuta ndi intaneti, FlightGear ndi yaulere, ndipo Mission Planner, pulogalamu yokonzera maulendo a ArduPilot, ili ndi gawo loyesezera limene silifuna kandege kenikeni.

Amene alibe kompyuta asadandaule, phugoid ndi stall zimaoneka ndi pepala la m'kope. Pindani kandege ka pepala, mupinde pang'ono m'mphepete mwa mapiko kumbuyo molozera mmwamba, ndiye elevator yanu imeneyo. Kaponyeni mofatsa pabwalo la mpira kopanda mphepo, muwerenge kuti kawerama ndi kudzuka kangati kasanagwe. Kenako pindani kwambiri muponyenso, muone pamene mphuno ikudzuka, kandege n'kuima, n'kugwa chamutu. Ndipo nayi ntchito yoti mubwere nayo: kandege kathu ka makilogalamu 5 tikakasenzetsa bokosi la mankhwala la kilogalamu imodzi, kuuluka mosakwera n'kuyamba kudya ma watt 120, pa tsiku lotentha lija mota ikupereka 180, kadzafuna makilomita angati kuti kakwere mamita 300 pa liwiro la mamita 20 pa sekondi, mphepo ya mamita 5 pa sekondi ikukankha kumbuyo? Musaiwale kuti mg nayonso yasintha.